Oimba a Pansi pa Nthaka

Bambo anga anagwira ntchito kumigodi ya ku Joni. Anapita ndisanabadwe. Anabwerako ndi wailesi, jekete lalikulu ndi chifuwa. Za pansipo sankakamba. Ukawafunsa ankangoti, "Kunali kotentha," nkhani n'kuthera pomwepo. Ine ndinatengera iwowo. Mkazi wanga amati kucheza nane n'chimodzimodzi kucheza ndi chitseko.

Kuno ku Dubai ndine mlonda pa hotela ina yaing'ono ku Al Muraqqabat. Malo anga ndi kubesimenti, kunsi kwa nyumbayo, koimika magalimoto. Ndimatsegula geti, ndimaloza malo, ndimatseka geti. Dzuwa ndimaliona likugwera pamtsetse wotsikira magalimoto, koma pampando wanga silifika.

M'nyumba ya kampani tinkagona angapo chipinda chimodzi, pa mabedi osanjikiza. Ine ndinali pamwamba. Pansi panga pankagona mkulu wina wa ku Zambia, wophika pa hotela yomweyo. Makolo ake anali a ku Katete, koma iye anakulira ku Kitwe, kumigodi ya kopa. Anali wamkulu kwa ine, wa imvi, wolongolola kuyambira podzuka. Ankanditchula kuti achimwene, monga mmene anthu a kwawo amatitchulira Amalawi tonse. Ine ndinkati mdala.

Mdalayu anali ndi kasipika kakang'ono ndi nyimbo zake. Akangotsegula, anzathu a m'chipinda ankayamba kukuwa, "Khalas, baba, khalas!" kutanthauza kuti basi, zakwana. Ndiye ankamvera pa mahedifoni, bondo likugunda chitsulo cha bedi. Bedi lonse linkagwedera. Ndinapirira miyezi. Lachisanu lina masana, tonse tili pa ofu, ndinasuzumira pansi.

"Mdala, bedi likugwedera."

"Ni nyimbo, achimwene. Mvelani."

Anandipatsa mbali imodzi ya mahedifoni. Ndinaika kukhutu, n'kuchotsa.

"Foni yanu yafa."

"Siinafe. Ni gitala iyo."

"Gitala salira choncho."

"Imwe mumaziba chabe gitala ya ku chechi. Bwezani kukhutu."

Ndinabwezera. Chinthucho chinkalira ngati chitsulo chikukhula mwala. Kumbuyo kwake ng'oma inkangomenya pamodzimodzi, osasintha, osakometsera. Woimbayo sankaimba kwenikweni. Ankalankhula motopa, ngati munthu amene wangoweruka kumene.

"Ndi nyimbo zanji zimenezi?"

"Za kudala, za m'ma sikisite. Azungu amazitana ati andagraundi."

Chizungu changa ndi cha pageti. Sukulu ndinalekeza ku pulayimale. Koma liwu limenelo ndinkalidziwa. Linali m'gulu la mawu ochepa a Chizungu amene bambo anabwera nawo. Andagraundi kunali kuntchito kwawo, kumene chikepe chinkawatsitsira m'mawa uliwonse.

"Ndiye kuti oimbawa ndi a kumgodi," ndinatero.

Mdala anandiyang'ana. Pakamwa panatseguka, ndinaona kuti kuseka kukubwera. Koma ndinali ndisanamalize.

"Zikumveka. Awo ndi makina oboolera mwala. Bambo anga anagwirako."

"Atate banu?"

"Ku Joni. Chifuwa cha fumbi ndi chimene chinawatenga."

Anatseka pakamwa. Aka kanali koyamba kumuona ali chete. Kenako anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Mwaziba bwino, achimwene. Ni ba kumugodi. Bonse."

Ndinamvera nyimboyo mpaka kumapeto. Inali yaitali. Sindinadandaulenso za bedi.

Pasanapite nthawi korona inafika. Ndege zinaima, alendo anatha, hotela inatsekedwa. Misewu ya dera lathu la Deira, imene sinkagona, inangoti zii. Kutuluka panja kunkafuna chilolezo. Ife anatisamutsira m'zipinda za antchito pa hotela pomwepo kuti tisamayende. Ine ndinkalonderabe magalimoto ochepa amene eni ake anatsekeredwa kunja kwa dziko. Ankangochita fumbi. Mdala ankaphikira ife otsalafe basi.

Tikatha kudya masana ankatsika kubesimenti ndi kasipika kake m'thumba la epuloni.

"Kuno kulibe wokamba khalas," anatero tsiku loyamba.

Tinaika mipando iwiri ya pulasitiki motalikirana, masiki kukamwa. Kasipika anakaika pansi, pakati pathu. Kanali kochepa ngati sopo, koma m'chipinda chachikulu chija chopanda kanthu mawu ankagunda zipilala n'kubwerera atanenepa. Apo ndi pamene ndinazimva bwino nyimbo zija.

Ine ndinakulira kwaya, rumba ya m'mabasi ndi magitala a zigubu a anyamata a pamsika. Nyimbo zimenezo zimakuitana kuti uvine kapena upemphere. Izi sizinkaitana munthu. Zinkangogwira ntchito yake, ufune usafune. Ina inkayamba ndi munthu kutsokomola, ndipo sanachotsemo. Ina gitala ankaphonya, n'kubwerera, n'kupitiriza ngati palibe chachitika. Panali ina ya limba lolira ngati la maliro, koma ng'oma yake yothamanga. Panali ina ya mayi wa mawu okhuthala, ozizira, oimba ngati akuwerenga uthenga wa imfa pa wailesi, koma ukamvetsera bwino umapeza kuti akutonthoza munthu. Imeneyo ndinkaipempha kawirikawiri.

Chimene ndinakonda kwambiri n'chakuti sankafulumira. Ankagwira kachigawo kamodzi n'kumakabwereza, kukabwereza, mpaka iwe womvera n'kusiya kudikira kuti asinthe. Ukangosiya kudikira, m'pamene umamva tinthu ting'onoting'ono tikuyenda mkati. Ntchito ya mlonda ndi yotero. Ndinaganiza kuti ya bambo inalinso yotero.

Mawu ake sindinkawamva. Mdala ankandimasulira, ndipo ankawadziwa oimbawo mmodzimmodzi.

"Uyu wa ng'oma enze wa fosholo. Mvelani mwamene amenyela. Fosholo, ngolo, fosholo, ngolo."

"Nanga wa gitala?"

"Uyo ni wa makina. Makutu anafa kudala, ndiye chifukwa akweza maningi."

"Mayiyu?"

"Mukazi wa ku kantini. Mwamuna wake anasala pansi."

Iye nyimbozi anazidziwira kwa mkulu wake. Mkuluyo ankagwira ntchito ya m'maluwa kunyumba ya mzungu wina wa pamgodi. Mwana wa mzunguyo pobwerera kwawo anamusiyira mbale za galamafoni zodzaza katoni. Nyumba yonse inakulira mbale zimenezo. Mkulu wakeyo anafika pong'amba sipika ya wailesi ndi lezala kuti gitala wake azilira mokhadzula ngati wa m'mbalemo. Bambo awo anamukwapula. Mdala ankaseka akamakamba zimenezi mpaka masiki kutsetsereka.

Ine ndikamamvera ndinkaona bambo. Sindinawaonepo ali pantchito. Ndinkawadziwa atakhala pakhonde, akupuma movutika, manja ali pamaondo. Koma gitala uja akayamba kukhula, ndinkawaona ali mnyamata, thukuta lili chuchuchu, nyali pachipumi, akukankha chitsulo m'mwala. Zimene anakana kundiuza zaka zonse zija ndinkazimva m'kasipika ka mdala. Sindinamuuze mdala zimenezi. Ndikhulupirira ankaona yekha.

Tsiku lina anathamangira kukhitchini kukazimitsa mphika, foni anaisiya pampando. Nyimbo itasintha, foni inayaka. Panali chithunzi cha oimbawo. Ndinaitola. Anyamata oonda, tsitsi lofika m'mapewa, magalasi akuda, wina atavala malaya a maluwa. Ndinayang'ana manja awo. Manja a munthu wa kumgodi ndimawadziwa, ndinakula ndikuwaona akutema nsima. Awa sanagwirepo fosholo.

Ndinabweza foni pampando. Ndinakhala pansi. Manyazi anandigwira pang'ono, osati kwambiri. Ndinafunsa mnyamata wa pa risepushoni tsiku lotsatira, mongodutsa, ndipo anandiuza kuti liwu lija la andagraundi pa nyimbo limatanthauza zoimbidwa mobisika, m'tizipinda ta kunsi kwa nyumba, zimene wailesi sinkaulutsa. Ndinaganiza kuti si kutali kwenikweni. Anthu ogwira ntchito yawo kumene dzuwa silifika, opanda wowaombera m'manja. Mdala atabwera masana ndinamufunsa za wa fosholo uja ngati kale. Anandiuza kuti anali ndi ana asanu ndi awiri.

Matenda anayambira mu mchere. Tsiku lina mpunga ndi mphodza zinatuluka zowawa mchere moti palibe anamaliza mbale. Anzathu anadandaula. Mdala analawa, n'kulawanso.

"Mulibe salt umu," anatero.

Tonse tinayang'anana. Pofika nthawi imeneyo aliyense ankadziwa tanthauzo la lilime lakufa.

Anabwera kudzamutenga anthu ovala zoyera thupi lonse. Potuluka anaponya kasipika pabedi langa, memori khadi ili momwemo.

"Musungeko bamugodi, achimwene. Nibwela manje manje."

Ife anatiyeza n'kutitsekera aliyense m'chipinda chake. Ine anandipeza ndilibe. Nditabwerera kubesimenti ndinamva kuti mdala amuchotsa kumalo osungirako odwala, amupititsa kuchipatala chenicheni. Mpweya unkamuperewera.

Ndinamuimbira foni masana, nthawi yathu ija. Anayankha.

"Achi... mwene."

Kenako kupuma. Ndinakudziwa kupuma kumeneko. Ndinakumva pakhonde la kwathu zaka zambiri, ngati munthu akukoka chingwe chachitali m'chitsime.

Pakati pa ife awiri wolankhula anali iye. Tsopano sakanatha. Ine ndinali ndi mpweya wokwanira koma mawu ndinalibe. Ndinati, "Muli bwanji?" Anati, "Eh." Ndinati, "Mwadya?" Anati, "Eh." Zanga zinathera pamenepo. Ndinadzida.

Ndiye ndinatulutsa kasipika. Ndinakaika pansi pamalo pake, foni pambali pake, n'kutsegula ya wa fosholo ija. Inadzaza besimenti yonse. Itatha ndinatola foni. Kunali kachiphokoso, ngo, ngo, ngo. Mdala ankagogoda chitsulo cha bedi ndi mphete yake.

Zinakhala choncho tsiku ndi tsiku. Ndinkaimba foni, osanena zambiri, n'kutsegula nyimbo. Akagogoda kamodzi ndiye kuti ndisinthe. Akagogoda motsatira ng'oma ndiye kuti ndaitha. Masiku ena foni ankamugwirira namwino wina wa ku Philippines. Tsiku lina namwinoyo anandifunsa m'Chizungu ngati wailesi yanga yawonongeka. Ndinamva mdala akuyesa kuseka, kuseka n'kusanduka chifuwa.

Ndiye linafika tsiku limene anandiletsa kutsegula.

"Yembekezani... achimwene."

Ndinayembekeza. Mawu ankatuluka amodziamodzi. Madokotala anena kuti mpweya wa m'mphuno sukukwanira. Mwina amugoneka, amuike pa makina. Akamuika pa makina sadzatha kulankhula.

"Manje... nifuna kukamba. Baja... boimba baja."

Ndinadziwa chimene ankafuna. Ankakonza katundu wake. Munthu akaona kuti ulendo wafika amabweza zobwereka, amaulula zobisa, ngakhale zazing'ono. Ankafuna kundiuza kuti anandinamiza, kuti apite wopepuka.

"Sungani mpweya, mdala."

"Awe... mvelani. Zoona zake..."

"Nkhani za akuluakulu sakambira pa foni. Mudzandiuza kuno. Mpando wanu ulipo."

"Ngati... sinibwela?"

"Ndiye kuti simudzandiuza."

Ndinamva chingwe chija chikukokedwa.

"Ndimwe... bouma mutu," anatero.

"Ndinatengera bambo."

Ndinatsegula ya mayi wa ku kantini, n'kukweza mpaka pamapeto. Itatha ndinamvetsera. Sanagogode. Foni inali itaduka.

Mawa lake foni sinayankhidwe. Mkuja wakenso. Bwana wa antchito ankangoti, "Inshallah, inshallah," maso ali kumbali. Chimene ankadziwa n'chakuti mdala ali pa makina, basi.

Masiku amenewo anali oipa. Ndinkadzifunsa ngati ndinachita bwino. Munthu anapempha kanthu kakang'ono, kuti ndimumvere, ine n'kumutsekera pakamwa ndi nyimbo. Ndinkafuna kumusiyira ngongole ya mawu yoti imukoke kubwerera. Koma matenda samva zimenezo. Akanapita, akanapita ndi mawu ake pakhosi, ndipo womutsamwitsa ndikanakhala ine. Bambo anapita ndi awo chifukwa anasankha okha. Uyu sanasankhe.

Masana aliwonse ndinkapukuta mpando wake ndi sanitaiza, n'kutsegula kasipika. Ndinamvera khadi lonse, ngakhale nyimbo zimene mdala ankazidumpha. Ndinapezamo ina yofatsa, gitala mmodzi ndi kabelu, mnyamata akuimba chapansipansi ngati akuopa kudzutsa mwana. Sindinkadziwa kuti anthu aphokoso aja amathanso kutero. Ndinaibwereza mpaka batire kutha. Ndinkafuna kufunsa kuti ameneyu ankagwira ntchito yanji pamgodi. Wondiyankha panalibe.

Kunja zinthu zinayamba kumasuka. Mashopu anatsegula, magalimoto anayamba kutsika pamtsetse mmodzimmodzi. Ndinapatsidwa kamfuti koyezera kutentha pachipumi. Ndinkayeza madalaivala, kutsegula geti, kutseka geti.

Uthenga unabwera kudzera kwa bwana uja. Anangoima pamwamba pa mtsetse n'kukuwa, "Mnzako wadzuka!" Ndinalowa m'kachipinda ka mapaipi a madzi, ndinatseka chitseko, ndinakhalamo kanthawi.

Foni sindinamuimbire. Iyenso sanaimbe. Tonse tinkadziwa pamene nkhani inalekezera.

Anatuluka m'chipatala kunja kutayamba kale kutentha kwa chilimwe cha kuno. Anamupatsa chipinda chapansi kuti apume. Tsiku lachiwiri masana ndinaona chithunzithunzi pamtsetse. Ankatsika atagwira khoma. Yunifolomu inkangolendewera. Pa chipilala chilichonse ankaima n'kupuma. Ndinafuna kuthamanga kukamugwira, koma ndinadziwa kuti akanandikalipira. Ndinangokankhira mpando wake pafupi pang'ono.

Anakhala. Anapuma nthawi yaitali.

"Mwaonda," ndinatero.

"Imwe mwaina, mimba yatuluka. Ndani akuphikilani?"

"Wina wa ku Nepal. Mchere amaika bwino."

"Chongo imwe, khalani zii."

Mawu ake anali osasa chifukwa cha paipi ya kukhosi. Ndinaika kasipika pakati pathu. Ndinatsegula ya wa fosholo. Ng'oma inayamba, gitala anakhula mwala wake. Bondo la mdala linayamba kugwedera, pang'ono chabe. Tinamvera mpaka pakati.

"Nkhani ija," ndinatero.

"Iti?"

"Ya oimba. Munati mukufuna kunena zoona."

Anandiyang'ana pamwamba pa masiki. Maso anali atalowa mkati koma anali omwe aja. Anayang'ana kasipika, anayang'ana zipilala, denga lotsika, mapaipi, mtsetse umene dzuwa linkathera pakati. Anabwereranso kwa ine. Sindikudziwa chimene anaona pankhope yanga. Mwina anaona kuti chithunzi chija ndinachiona kale.

"Aah, ija," anatero. "Ninakunamizani, achimwene. Uyu wa ng'oma sanali wa fosholo."

Ndinadikira.

"Enze kapitao."

"Ndinadziwa," ndinatero. "Amamenya ngati kapitao."

Anaseka mpaka kutsokomola. Ndinamupatsa madzi. Atapuma ndinasaka nyimbo yofatsa ija, ya gitala mmodzi ndi kabelu, n'kumufunsa kuti nanga uyu ankagwira chiyani. Anamvetsera maso ali otseka.

"Uyo ni wa chikepe," anatero. "Wokweza banthu kubwelela pamwamba."